Msana Umene Ndinabwera Nawo ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene a Lufeyo, malume a mkazi wanga, anandikaniza chitengwa. Ndinali mkamwini ku Mitundu, ndipo ndinkafuna kumutenga mkazi wangayo, Nabanda, tikakhale kwathu ku Nathenje. A Lufeyo anangoloza chigafa cha fodya. "A Phiri, mkamwini wopanda ndi njinga yomwe angatenge mwana wathu? Limani kaye." Mvula isanagwe ndinali nditalembetsa kale za kumigodi.

Chaka chachiwiri ndili kumgodi, ngolo ya miyala inatsetsereka n'kundipanikiza kukhoma. Miyendo inachita dzanzi. M'chipatala cha pamgodi sindinkayenderedwa ndi munthu, ndipo wa bedi loyandikana nane ankalankhula chinenero chimene sindinkamva. Ndinkangolankhula ndi Nabanda mumtima. Kumudzi ndinatumiza bulangete ndi kandalama kudzera mwa mnzanga wa ku Malingunde, uthenga wake unali woti ndili bwino.

Pachipatalapo panali bambo wina wowongola misana. Ankandigoneka chafufumimba n'kukanikiza ndi zikhatho mpaka fupa kulira. Kenako anandiphunzitsa zochita ndekha: kugona chagada, kulimbitsa mimba n'kukweza chiuno, ndiponso kugwada manja ali pansi n'kumatambasula mwendo ndi mkono. Anandiuza kuti msana umadalira mimba, ndikadzangosiya ndidzayendera ndodo. Mpaka lero ndikadumpha m'mawa umodzi, mwendo wakumanzere umandikumbutsa.

Ntchito ya pansi inandikanika, anandibweza. Njinga ndinabwera nayo, anthu anaimba nthungululu. Za msana ndinauza Nabanda yekha, poti mkamwini wolephera khasu sachedwa kuonetsedwa njira. Zolimbitsa thupi zija ndinkachitira kuseri kwa chigafa kum'bandakucha. Mwamuna wamkulu angagadame bwanji miyendo m'mwamba pamudzi pa apongozi?

Mayi wina wopita kuchitsime anandiona ndili chogwada, mwendo uli m'mwamba. Sabata yomweyo fisi anagwira mbuzi, mdzukulu wa a Lufeyo n'kuyamba kukomoka. Anthu anasiya kundiyankha moni. Ana ankathawa ndikatulukira.

Anandiitana pakhonde pa a Lufeyo, mudzi wonse uli pomwepo. A Lufeyo ndiwo anafunsa.

"A Phiri, mwabwera ndi chiyani ku Joni? Akuti mumakwawa ngati chilombo kusanache. Mukapanda kunena, nkhaniyi ipita kwa apampando a chipani."

Masiku amenewo dzina likafika kumeneko, munthu sunkadziwa kokagona. Ndinayang'ana Nabanda, iye anaimirira ngakhale sanapatsidwe mpata.

"Abambo ake Tereza, vulani malaya. Aonetseni."

Ndinavula pamaso pa apongozi anga aakazi, amene ndinali ndisanadyepo nawo pamodzi. Iwo anatembenukira kukhoma. Chipsera chinaonekera, kuchokera m'nthiti kutsikira m'chiuno. Ndinagwada pafumbi, ndinatambasula mwendo ndi mkono, ndinagona chagada n'kukweza chiuno, uku ndikufotokoza zonse. Palibe anaseka. Wina kumbuyo anati, "Ndiye kulima angathe ameneyu?" A Lufeyo anangoti anthu abalalike.

Mdzukulu uja anapita naye kuchipatala cha ku Nkhoma, anapezeka ndi malungo, anachira. Wondipepesa panalibe. Ine ndi Nabanda tinkangodikira kuti tsiku lililonse atiuza kuti banja latha.

M'mawa wina ndili kuseri kwa chigafa ndinamva mapazi. Anali a Lufeyo, okha. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuvula jekete lawo losavulika ngakhale m'chilimwe. M'chiuno anali atadzimanga ndi lamba wodula ku tayala, khungu litada pozungulira pake.

"Matumba a chimanga, ku mafamu a ku Halale, inu musanabadwe," anatero. "Ngakhale mayi akunyumba amangoti ndi nyamakazi."

Munthu amene ankandiyeza ndi khasu zaka zonsezo anali atalima mizere yake akuluma mano, ndipo kenako ndinadzadziwa kuti pamudzipo sanali yekha. Pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi bambo wobwera kutali atabisa chinachake m'malaya.

Anagwira mtengo wa chigafa, natsika pang'onopang'ono mpaka mawondo kufika pansi, thukuta lili kamukamu.

"Musauze munthu, a Phiri. Ndiyambe mwendo uti?"