Mizere ya Kumsewu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Bembeke. Boma linali litalamula kuti mlimi aliyense asiye chimanga cha makolo, adzale mbewu yatsopano. Amayi anga, amene ankatilera okha, anaumva uthengawo ndi mtima wokayika, pakuti munda wathu unali umodzi, ndipo ukanakanika tikanagona ndi njala.

Aphunzitsi athu a zaulimi, a Kadzamira, anagawa munda wa sukulu pawiri. Mbali ina tinadzala cha makolo, inayo mbewu ya boma. Manyowa amodzi, makasu omwewo, mvula imodzi. "Tisakangane," anatero iwo, "nthaka itiweruze."

Nthaka inaweruzadi. Mbewu ya boma inabereka chimanga chachikulu chokoma m'maso, koma makoko ake sankatseka kunsonga, ndipo chifunga cha kumapiri kuno chinalowamo. Tikasenda, tinkapeza njere zakuda, zonunkha chuku. Cha makolo chinali chaching'ono, koma chinauma bwino.

A Kadzamira anakafotokoza zimenezi kwa alangizi, poganiza kuti akuthandiza. Amene anabwera kudzaona sanali akatswiri a mbewu ayi, koma tcheyamani wa chipani ndi anyamata ake. Anatiimika pamzere m'mphepete mwa munda, mphepo ikutilasa m'miyendo.

"Iwe wamtali," tcheyamani anandiloza, "chimanga chabwino apa n'chiti?"

Pokhala mwana, ndinaloza cha makolo.

Tcheyamani anaseka ndi mano okha. "Kodi wakuphunzitsa ndani kunyoza mbewu ya boma?"

Chilango changa chinali kuzula mbali yonse ya makolo ndekha, iwo akuyang'ana, kufikira manja anga atatuluka matuza. Teremu yotsatira a Kadzamira sanaonekenso. Ena ankati anawasamutsa. Ena ankangoloza ndi milomo. Amene anawapereka sitinamudziwe, motero tinayamba kukayikirana tonse: alangizi, aphunzitsi anzawo, ngakhale mnzako wokhala naye pabenchi.

Mvula yodzalira itagwa, amayi anandipatsa kathumba ka mbewu ya boma. "Iwe udzale mizere ya kumsewu yokha," anandiuza motsitsa mawu. "Maso a tcheyamani amathera pamsewu. Ndipo pakamwa pakopo utsekepo, ngakhale kwa amalume ako."

Amayiwo anazungulira kuseri kwa chulu cha m'mundamo ndi mbewu yawo ya makolo, yakuda ndi mwaye, imene anaibisa kudenga. Chaka chimenecho a chipani anadutsa, nayamikira mizere ya kumsewu, ndipo mizereyo inaola monga inaolera ya kusukulu. Ife tinadya cha kuseri kwa chulu, tili chete ngati akuba.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndazindikira kuti olamula akatseka pakamwa munthu woyesa zinthu, choona sichifa, koma chimasamukira kuseri, kumene iwo sadzachionanso. N'chifukwa chake ndikamva wamkulu pa wailesi akutama zokolola, sindifulumira kuomba m'manja. Ndimayamba ndafunsa ngati analowa m'munda, kapena anangoima pamsewu.