Nkhope ya Killian

Bambo Zacheus ankatsuka mabasi ku Woolwich, ndipo Lamulungu lililonse ankakhala mpando wakutsogolo m'tchalitchi chathu cha ku Thamesmead. Anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, makolo awo ochokera ku Dedza. Anali munthu wamakani, woti akagwira mfundo mungotopa nokha.

Mwana wawo yekhayo, Killian, analowa usilikali wa kuno kwa Angerezi. Atamutumiza ku Iraki mu 2005, ife tinagwidwa mantha, koma mkuluyu anatsegula mapu a kumapeto kwa Baibulo n'kutilozera ufumu wa Perisiya. Ankati Iraki, Irani ndi Afuganisitani onsewo ndi dziko la Danieli, ndipo kumeneko mikango inatsekedwa pakamwa kalekale. Mnyamatayo atabwerako wamoyo, tinasowa mtendere. Pemphero lililonse, ngakhale la chakudya, Danieli ankalowamo.

Mu 2008 anamutumiza ku Afuganisitani. Patangotha milungu isanu, bomba lokwiriridwa mumsewu linamupha.

Bokosi linafika lokhomedwa, ndipo akuluakulu a usilikali anapempha Bambo Zacheus mwaulemu kuti lisatsegulidwe. Apa m'pamene panavuta. Kwathu sitiika munthu m'manda tisanaone nkhope, chifukwa woona nkhope ndiye amakatsimikizira otsala kuti wapitadi. Mayi ake a Killian anali ku Chegutu, ku Zimbabwe, akudwala, osatha kukwera ndege. Anawauza amuna awo pafoni kuti akamuonere mwana wawo, ndipo sadzakhulupirira za wina aliyense.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tiike maliro, ndinawaperekeza Bambo Zacheus kunyumba yokonzera maliro. M'thumba la jekete anali atabisa sikuludiraiva ya kuntchito, yoti atsegulire bokosilo. Ndinaiona koma sindinawaletse, poti nanenso ndinali wokwiya: mwana n'ngwathu, iwo n'ndani kutiletsa? M'chipindamo tinapeza Weston, msilikali mnzake wa malemuyo, amene anali naye tsiku la bombalo. Ataona dzanja la mkuluyu likulowa m'thumba, anagwada pansi ndi yunifomu yake yomwe.

"Baba, please, musatsegule. Ndinam'tola ndine. Palibe nkhope yoti muone."

Bambo Zacheus anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu, n'kuika chikhatho pabokosi. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, sanatsutse. Ndinachita manyazi ndi mkwiyo wanga uja, ndipo ndinalira.

Mawa lake tinazungulira bokosi lotseka, tikuyang'ana chithunzi choikidwa pamwamba. Titabwerera kufulati kwawo masana, foni ya ku Chegutu inalira, ndipo Bambo Zacheus anaiyankha. Mawu a mayiwo ankamveka ndithu, akufunsa ngati anamuona mwana. Mkulu wa mpingoyu, amene sindinamumvepo akunama, anatembenukira kukhoma.

"Ndamuona, amake Killian," anatero. "Akungokhala ngati wagona."