Mpunga wa Bambo Paphiri

Ndikatseka maso ndimawaonabe bambo anga ataimirira m'matope paphiri la kuseri kwa mudzi wathu, cha ku Nzama, buluku atapinda mpaka m'mawondo, mbande za mpunga zili m'manja. Anthu opita kumunda ankaima panjira n'kumawayang'ana monga muja tiyang'anira munthu amene mutu wayamba kusokonekera. Kwathu ndi kumtunda, dziko la chimanga, kachewere ndi mapichesi, kumene mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala. Mpunga tinkauona pa Khirisimasi pokha, nawonso wogula. Koma chaka chimenecho, ndili Sitandade 6, bambo adaudzala paphiri, ndipo amene adawayambitsa zonsezi ndine.

Bambo adali mkamwini. Kwawo kudali kuchigwa, cha ku Sharpevale, kumene adakulira m'minda ya mpunga, ndipo adakwera mapiri potsata amayi. Zaka zonse zimene adakhala pamudzi pathu, kachewere sadamuzolowere. Mizere yawo inkakhota, mankhwala ankapopera mochedwa, ndipo amalume, alongo awo a amayi, amene adali mwini mbumba, sankasowa chonena. Akakhuta mowa ankakonda kulankhula mokweza kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Bambo ankangomwetulira n'kumanola khasu lawo. Adali munthu wofatsa mopitirira muyeso, moti nthawi zina ine mwana ndinkawakwiyira. Ankanditchula kuti "mayi", chifukwa adandipatsa dzina la amayi awo, ndipo sadandinenepo kuti iwe.

Tsiku lina mvula isadayambe, aphunzitsi athu adabwera m'kalasi ndi kalendala yakale imene adapatsidwa ndi asisitere ena ochokera ku Filipinzi. Adatiuza kuti limenelo ndi dziko la zilumba zambirimbiri zomwazikana m'nyanja yamchere ngati nyemba zotayikira pabwalo. Adati kumeneko mapiri ena amalavula moto, ndipo phulusa lake likazizira limasanduka nthaka yachonde, pansi pali golide ndi mkuwa, m'mbali mwa nyanja muli mitengo ya kokonati, komanso anthu amaweta njati n'kumazilimitsa ngati ng'ombe. Pa njatipo tidaseka mpaka misozi, tikuti aphunzitsi atinamiza. Kenaka adatsegula tsamba lina. Lidali phiri lathunthu losemedwa masitepe kuchokera pansi mpaka m'mitambo, sitepe iliyonse itasunga madzi, ndipo m'madzimo mudali mpunga wobiriwira. Ndidawapempha kuti andibwereke tsambalo tsiku limodzi lokha.

Bambo adalitengera padzuwa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, chala chikutsata masitepe aja mmodzimmodzi.

"Mayi, ichi n'chojambula pamanja kapena n'chenicheni?"

"N'chenicheni, bambo. Atero aphunzitsi."

"Ndiye kuti mpunga umakwera phiri?"

Ndidavomera monyadira, ngati phirilo ndidasema ndine. Sabata yomweyo bambo adakapempha kwa amalume malo otsetsereka a kunsi kwa kasupe, amiyala okhaokha, omwe palibe ankawafuna. Amalume adaseka mpaka kutsokomola. "Tengani alamu, ndi anyani omwe adatopa napo pamenepo. Tikadzadya mpunga wa paphiri, ine ndidzavina ngoma nditavala chitenje cha mkazi wanga."

Ntchito idayamba dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, nyenje zikulira, mpweya ukununkha lupsa. Bambo ankafukula miyala ndi chitsulo, ine ndikaweruka kusukulu ndinkaisenza pankhata n'kumakaiunjika pomwe andilozera. Ankaimanga ngati khoma, mipata n'kumata ndi dothi lamakande, kenaka n'kuponda ndi mapazi kuti madzi asamathawe. Adang'amba nsungwi n'kuzilumikiza kuchokera pakasupe, ndipo tsiku limene madzi adagwera koyamba m'sitepe yapamwamba, n'kusefukira m'yachiwiri, adakuwa ngati mwana. Masitepe adakwana asanu. Mbewu adakatenga okha panjinga kwa alongo awo kuchigwa, Kilombero wonunkhira uja, ndipo adabwerako miyendo itatupa. Adafesa nazale, ndipo chaka chitangotembenuka tidawokera tonse awiri, ine ndikugwira chingwe, iwo akubaya mbande m'matope mwachangu chomwe sindidachionepo m'munda wa kachewere. Munthu amene pamudzi ankayenda chozyolika adayamba kuyenda ataweramuka. Koma munda weniweni wa banja udatsalira amayi okha, ndipo amayi adali ndi mwana wakhanda kumsana.

Mwezi wa Febuluwale aphunzitsi adabwereranso ku Filipinzi kuja, ulendo uno kuti atiphunzitse za nyengo yake. Adati dzikolo ndi lotentha chaka chonse, kulibe chisanu ngati chathu, ndipo mphepo yochokera kunyanja imabweretsa mvula yofunda miyezi yambiri, nthawi zina ndi mkuntho wozula mitengo ndi nyumba zomwe. Mtsikana wina wamwano, amene ankadziwa bwino za bambo anga, adakweza dzanja n'kufunsa ngati mpunga ungabereke kuno kwathu. Aphunzitsi adali mlendo m'deralo, sadadziwe kuti funsolo lili ndi mwini. Adayankha kuti mpunga umadana ndi kuzizira, makamaka ukamamasula, ndipo kumapiri kuno ungangobereka mankhusu. Kalasi yonse idacheukira kwa ine. Zimene adaphunzitsa pambuyo pake sindidamve n'chimodzi chomwe.

Nditaweruka ndidathamangira kuphiri kuti ndikawauze bambo. Nthawi idalipobe. Akadasiya tsiku limenelo, akadapita kukathandiza amayi kupopera kachewere, amene chiwawu chidali chitangoyamba kumugwira, n'kudzalanso nyemba za mvula yomaliza. Ndidawapeza atakhala pakhoma la sitepe yachitatu, mapazi ali m'madzi. Mpunga udali utaphukira bwino, wofika m'chiuno mwanga, atombolombo akuuluka pamwamba pake, achule atasamukiramo. Adandikodola n'kunena kuti, "Mayi, tanunkhizani. Kwathu kumamveka chonchi." Nkhope yawo idali yowala mwa mtundu womwe sindidauonepo chibadwire. Mawu aja ndidawameza. Ndidadzinamiza kuti ndidzanena mawa, mawalo n'kukhala mkucha, mpaka mwezi udatha.

Mpunga udamasula mu Epulo, ndipo sabata yomweyo kudabwera mwera. Chifunga chidakuta phiri masiku angapo, kamvula kowaza kakugwa kozizira ngati madzi a m'mtsuko. Dzuwa litabwerera, ngala zidali zitaima njoo, zoyera mbuu, pamene ngala ya mpunga wokhwima imayenera kuwerama. Ndidali nditamangirira zitini pachingwe zoti ndiziingitsira mpheta, koma mphetazo sizidabwere n'komwe, zidadziwa ife tisadadziwe. Ndidawaona bambo akuthyola njere imodzi n'kuifinya pakati pa zikhadabo, kufuna kamkaka ka m'kati mwa njere yamoyo, kenaka ina, kenaka inanso, kuyambira sitepe yapamwamba mpaka yapansi. Adamweta ndithu, n'kupuntha pamkeka. Amayi atapeta, zonse zidauluka ndi mphepo, ndipo zotsala m'lichero sizidadzaze ndi kapu yomwe. Chiwawu nacho chidali chitamaliza kachewere, ndipo chimanga m'nkhokwe sichidafike ndi pakati pomwe.

Abale a amayi adasonkhana pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba yathu. Ndinkayembekezera kuti amalume akalipa, koma adalankhula motsitsa, ndipo kutsitsako n'kumene kudapweteka. "Alamu, ana a mlongo wangayu sadya zithunzi. Mwina manja anuwo akufunika kwanu." Onse adayang'ana amayi, chifukwa mawu awo akadatha kusintha mlandu, koma amayi adangoyang'ana pansi, akusisita mwana kumsana. Bambo sadadziikire kumbuyo. Patapita masiku awiri adamangirira khasu, nkhwangwa ndi bulangete panjinga. Ndidawaperekeza mpaka kumsewu, ndikulira, ndikufuna kuulula kuti ndinkadziwa. Iwo adandigwira paphewa n'kuti, "Musalire mayi, inu simudalakwe. Ndine wopusa ndine, kumakangana ndi Mulungu amene adaika mpunga kuchigwa." Ndidawaona akutsetsereka mpaka adakhota, pakamwa panga pali potseka.

Sadabwererenso kudzakhala. Ndinkakawaona patchuthi, akulima mpunga wokongola m'munda wa alongo awo, koma za phiri sankazitchula, ndipo kuyenda kozyolika kuja kudabwerera. Adamwalira ndili Fomu 3, atadwala masiku ochepa, uthenga n'kutipeza mochedwa.

Ndidakula, nanenso n'kukhala mphunzitsi, ndipo tsiku lina pokonzekera phunziro ndidawerenga za masitepe aja a ku Filipinzi. Ndidapeza kuti mapiri akumeneko nawonso amazizira, amakutidwa ndi chifunga ngati athu omwewa. Anthu akumapiriko ali ndi mbewu yawoyawo, yosankhidwa ngala ndi ngala kuyambira kwa makolo awo, yopirira kuzizira, yocha mochedwa, yosiyana ndi ya m'zigwa zawo zotentha. Ndiye kuti makoma a bambo adali olondola, madzi adali olondola, ndi maganizo omwe adali olondola. Idalakwika ndi mbewu yokha. Kaya mbewu yakumapiriyo ikadabereka kwathu, sindidziwa, ndipo sindinganame. Ndidatseka buku n'kulira muofesi, anzanga akudabwa kuti ndamva maliro a ndani.

Loweruka lotsatira ndidakwera basi kupita kumudzi. Amayi ndidawapeza pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, tsitsi lonse litayera. Ndidawafotokozera zonse, za mbewu yakumapiri, ndi za tsiku lija ndidameza mawu. Adamvetsera manja ali chigwirire kachewere mmodzi.

"Ndiye kuti bambo ako sadali opusa?"

"Ayi, amayi."

Kenaka adati, "Iwe udali mwana. Nanga ine, pansi pa pichesi paja, amene adanditseka pakamwa ndani?"

Zaka zonsezi ndinkada amalume, ndinkada chisanu, ndinkadanso mwambo womwe umasandutsa bambo wa munthu kukhala mlendo pakhomo pake. Zonsezo zili ndi mbali yake. Koma pamudzi ponse paja anthu amene ankawakonda bambo tidalipo awiri, ine ndi amayi, ndipo aliyense wa ife lidamufikira tsiku lake loti alankhule. Ine ndidaopa kuwachotsera chimwemwe, amayi adaopa alongo awo, ndipo bambo adatsikira kumanda akudziyesa chitsiru.