Kutsetsereka pa Dampu

Ku Kasanda tilibe phiri lina koma dampu. Ndi mulu wakuda wa zotsala za mgodi wa mtovu, umene ife timangoti ledi. Mgodiwo unatsekedwa ine ndisanabadwe, koma mulu ulipo, ndipo m'munsi mwake mumadutsa kamsewu ka njinga kotsata ngalande. M'mawa wa Julayi, dzuwa likamatuluka, nkhungu ili m'ngalandemo, malowo amakongola ndithu, sindikana. Ine wobwera kudzakwatiwa kuchokera ku Petauke, ndikaima pamsewupo, uku dampu uku mulu wina, ndinkaona ngati chigwa cha kwathu.

Nyengo yozizira ndiyo nyengo yotsetsereka. Nthawi ya mvula ndi matope okhaokha, nthawi yotentha dothi limawotcha mapazi. Koma Juni ndi Julayi dothi lakudalo limasunga kadzuwa, limafunda ngati bulangeti, ndiye pa Sondo tikatuluka ku Misa anthu amangolunjika komweko. Ana amadula zigubu za saladi, mafuta ophikira aja, pakati, n'kukhalamo, wina n'kuwakankha kuchokera pamwamba. Amatsika akukuwa, fumbi lili koboo kumbuyo kwawo. Azimayi timakhala m'mphepete mwa msewu kuwotha dzuwa, kudya kandolo wophika, mbatata ija, kusekana.

Amuna anga anakulira pomwepo, atate awo ankagwira mumgodi. Mwana wathu wamkazi atafika zaka zinayi, iwo anamudulira kachigubu kake kachikasu, n'kuboola, n'kumangako chingwe chogwira.

"Atate ake mwana, si wamng'ono uyu?" ndinatero.

"Iwe, ine ninayamba nili na zaka zitatu. Nafa? Ona mutu, ona mendo, vonse vilipo."

"Nanga ledi yamene bakamba ku tchalitchi?"

"Ledi mankhwala yake ni mukaka chabe. Batata benze kupasiwa mukaka pa maini. Ukamwa, yonse ichoka."

Mayi wina wapafupi nafe anaseka mpaka kutsamwa kandolo. "Ba Petauke, mwaopa chani? Kwanu kulibe mapiri?"

Ndinakhulupirira. Ine ndinalekera giredi seveni, amuna anga anafika naini, komanso Kasanda yense amadziwa za mkakawo. Ndiye Sondo iliyonse tinkapita, iwo pamwamba kumukankha, ine pansi kumulandira, mwana akubwera pakamwa yasa, akuseka, mano ali bii ndi fumbi. Ndinkamupukuta ndi chitenje, n'kumupatsa kandolo m'manja momwemo osamusambitsa, madzi ozizira ndinkaopa chimfine. Tikafika kunyumba, kapu ya mkaka. Ndinkamuimirira mpaka amalize dontho lomaliza, mtima wanga n'kukhala pansi. Nyengo ziwiri zozizira tinachita zimenezo.

Nyengo yachiwiriyo ndinayamba kuona tinthu. Ine maso anga sachoka pa mwana. Nshima ankangoitsina n'kuisiya. M'mimba, m'mimba, masiku atatu osapita kuchimbudzi. Nyimbo ya ku tchalitchi imene ankaiimba yonse anayamba kuimira pakati, n'kundiyang'ana ngati ndine ndabisa mawu otsalawo. Ukamuitana uli kumbuyo kwake, zii, mpaka umugwire phewa. Ndiye ukali, mayo ine, mwana wofatsa uja kuluma mnzake mpaka magazi.

Atate ake anati ndi njoka za m'mimba. Tinamupatsa mankhwala a njoka. Ine ndinawonjezera mkaka, makapu awiri.

Tsiku lina kunamveka kuti pa kiliniki akuyeza magazi a ana. Ndinapita osawauza amuna anga. Mzere wautali, mphepo ikuwomba, ana m'majuzi ndi zipewa, fumbi la ku dampu likutilowa m'maso pamzere pomwepo. Anamubaya chala. Anesi, mayi wachikulire wa magalasi, anayang'ana kamakina, anayang'ana mwana, n'kumubayanso chala china. Ana onse amene anali patsogolo pathu anawabaya kamodzi, ndinali kuona.

"Amai, mukhala kuti?" anandifunsa.

"Ku Kasanda, anesi."

"Asewerera kuti uyu mwana?"

Ndinawauza zonse, chigubu, Sondo, kandolo. Kenako ndinafulumira kuwonjezera, "Koma nimamupasa mukaka, anesi. Sanaphonyepo. Makapu yabili."

Anavula magalasi. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anati, "Mwana wanga, mukaka ni chakudya chabwino, koma suchosa ledi. Ili mu magazi, ingena na mu mafupa na mu mutu. Mankhwala tizayesa, koma mukamubweza mu fumbi ija, ni kutapa manzi na sefa. Ndipo vamene vaonongeka mu mutu sivibwelela vonse."

Ndinamubereka kumbuyo ngakhale anali atakula, ndinamufunditsa chitenje kumutu, n'kudzera msewu womwewo wa m'munsi mwa dampu chifukwa kulibe wina, ndikuthamanga, ndikupuma wefuwefu, anzake pamwamba akumuitana kuti abwere atsetsereke.

Kunyumba ndinachita zonse zimene anandiuza. Kuwaza madzi pabwalo ndisanasese, kukolopa kawiri, kumusambitsa m'manja ndi madzi ofunditsa, kutseka mawindo ndi nsanza m'mipata. Koma mphepo ya Ogasiti siimva. Ukapukuta tebulo m'mawa, masana ukhoza kulembapo ndi chala. Mwana ndinkamutsekera m'nyumba, iye n'kumalira pakhomo, kumenyetsa mutu pachitseko. Amuna anga kadi la ku kiliniki analiwerenga, analitembenuza, n'kuliika pansi.

Sondo ina ndinapita kukatunga madzi, pobwera ndinapeza chitseko chili pululu, m'nyumba mulibe munthu. Ndowa ndinaisiya pakhomo. Ndinawapeza amuna anga ali pakati pa dampu akukwera, mwana paphewa, kachigubu m'manja.

"Kamozi chabe, amake mwana," anakuwa atandiona. "Alila maningi, namvela chifundo."

Anthu anali mbwee pamsewu. Ndinakwera, mapazi akumira m'dothi, n'kumulanda. Mwanayo anandimenya kumaso njira yonse.

M'mawa mwake, amuna anga atapita kuntchito, ndinalongedza zovala za mwana ndi kadi, ndinapempha njinga kwa aneba, n'kumupalasa mpaka ku Mpima kwa akulu anga obadwa nawo. Kumeneko kuli udzu ndi mitengo, dampu sioneka. Akulu anga ali ndi ana asanu awoawo. Anandiyang'ana, anayang'ana chikwama, n'kungoti, "Musiye, azagona na anzake."

Amuna anga anatha sabata osandilankhula. Kenako anati ndawachititsa manyazi, anthu aziti sangathe kulera mwana mmodzi. Koma sanapite kukamutenga.

Tsopano chatha chaka. Ndimapalasa njinga Loweruka kukamuona. Akudya, masaya abwererako, kumva kokha ndiye kudakali kovuta, kusukulu anamuika mpando wakutsogolo. Ulendo wapitawu ndinafika akuthamangitsana ndi ana a akulu anga, anagwa n'kusupuka bondo pamaso panga. Ndinagwada, ndinatambasula manja. Anandidutsa akulira, "Amama, amama," n'kukakumbatira miyendo ya akulu anga. Ine ndinadzuka, ndinakatunga madzi otsukira bondolo, n'kuwapatsa iwo kuti amutsuke.