Tizilombo Tolondera M'mimba mwa Nkhuku

Ine Banda wa ku Chiparamba, ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza imvi zili mbuu kumutu. Moyo wanga wonse ndinali wa thonje, koma thonje litatigwetsa mphwayi, mnzanga wa kutchalitchi anandinong'oneza kuti ku Madzimoyo kuli amayi Zulu, aphunzitsi opuma, akufuna munthu wosunga nkhuku zoyera za nyama. Ndinapita. Amayiwo atamva mawu anga aakuluwa anaseka, amvekere, "Atate, inu ngakhale akuba adzakuthawani. Yambani mawa."

Sukulu sindinapite nayo patali, koma ntchito ndimaidziwa, funsani aliyense! M'mawa kutembenuza utuchi, kutsuka zomwera, kuthira chakudya cha sitata m'zodyera, kusonkha mbaula kuti anapiye asaunjikane. Ndiye panali lamulo limodzi la amayi: ufa wachikasu wopha tizilombo uzithiridwa m'madzi tsiku lililonse, nkhuku idwale isadwale. Anzawo oweta anawauza kuti ndiko kuteteza. Ine ndinkathira mosaphonya.

Nkhuku zitamera nthenga zinayamba kuzyolika. Kudya osadya. Chithokomiro, kathumba kapakhosi kaja, chinkatupa ngati mpira, ndipo ukainyamula nkhuku, mkamwa munkatuluka madzi onunkha ngati masese. Amayi anati tiwonjeze ufa uja. Tinawonjeza. Zinayamba kufa.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndinatulutsa zakufa zodzaza wilibala. Amayi anaima pakhomo la khola maso ali psuu. "Atate, simutsuka zomwera inu. Zikapitiriza kufa mubwerere ku Chiparamba." Ine, munthu wotsuka mpaka zala kusupuka! Ndikafike kumudzi ndikanene kuti ndalephera nkhuku? Akazi anga ndikawayang'ane bwanji?

Masana kunabwera dokotala wa ziweto pa njinga yamoto, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga. Mumtima ndinati, aka kadziwanji? Anayamba wanunkhiza zomwera, n'kunena kuti, "Izi n'zoyera kuposa makapu a kwathu." Kenaka anang'amba chithokomiro cha nkhuku yakufa. M'kati munali zoyera zokhuthala, zomatirira ngati chuku.

"Agogo, mumathira chiyani m'madzi?"

Ndinamuonetsa paketi. Anagwira mutu.

"Zoyera za m'chithokomirozi ndi yisiti, mbale wake wa ija ya mabanzi, koma yoyambitsa matenda. Imakhalamo kale m'nkhuku, pang'ono chabe. Agogo, mbatata ikayanga bwino, udzu umamera?"

Ndinati, "Umere pati? Malo aupeza kuti?"

"Basi. M'mimba muli tizilombo tabwino toyanga chomwecho. Timalanda malo ndi chakudya, timatulutsanso zowawasa, yisiti n'kulephera kuchuluka. Ufa wanuwu wapha tabwinoto, koma yisiti suigwira. Mwazula mbatata, udzu wapeza munda."

Anatiletsa ufa uja pomwepo. Anatipatsa mankhwala obiriwira ngati thambo, oyeza bwino m'madzi, n'kuti akatha amenewo tizizipatsa chambiko pang'ono kuti tabwino tija tibwerere. Zodwala tinazipatula, utuchi wonyowa ndinaukokolola wonse.

Dokotala atapita, amayi Zulu, munthu wophunzira, bwana wanga, ananyonyomala pamaso panga n'kuwomba m'manja. "Pepani atate, ndinakunamizirani. Lamulo linali langa." Abale, mabwana otere alipo angati? Ine misozi inalengeza, koma ndinati ndi utsi wa mbaula.

Zina zinafabe, koma zambiri zinadzuka, ndipo tinakazigulitsa kumsika wa Kapata zili zonenepa. Ku Chiparamba ndinapitako ndithu, koma pa Khirisimasi, nditapachika nkhuku pa njinga.

Mpaka lero ndili pakhola lomwelo, ndipo mtsikana uja akamadutsa ndimamuvulira chipewa. Munthu akabwera kudzafunsa za ufa wachikasu, ndimamuyankha mokweza mpaka a kumsewu amve: mankhwala ndi a nkhuku yodwala, ndipo anene ndi dokotala. Yabwinobwino isiyeni, alonda ili nawo kale m'mimba.