Chipeso cha Nsungwi cha ba Juliana

Ba Juliana anali mlimi wa thonje ku Nkomeshya, mayi wa ana anayi, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Koma ambiri amene anakulira kumeneko m'zaka za m'ma 1980 anatsamirapo mutu pamiyendo pawo.

Zinayamba chaka chimene sopo anasowa. Anthu ankapita ku Chongwe kukaima pamzere kusitolo, n'kubwerako chimanjamanja, ndipo nsabwe zinabuka m'mitu ya ana. Lister, mwana wa ba Juliana wa zaka zisanu, anadzikanda mpaka zilonda kuseri kwa makutu. Tsiku lina mayiwo ali kumunda, amuna awo ba Ezron anasungunula mankhwala opopera thonje n'kumupaka mwanayo m'mutu, monga ankachitira ena m'mudzimo.

Pobwera, ba Juliana anapeza mwana akusanza, thovu lili kukamwa. Sanataye nthawi ndi kukalipa. Anamukhuthulira ndowa yonse ya madzi, n'kumubereka, ba Ezron n'kuwapalasa panjinga mpaka kuchipatala. Lister anatuluka patatha mlungu.

Atafika kunyumba, ba Juliana anadula nsungwi kudambo. Anaisenga ndi lumo masiku atatu, zala zili magazi, mpaka anapanga chipeso cha mano othinana moti pakati pake pankangodutsa tsitsi lokha. Anaphika mafuta a nsatsi, kumudzoza Lister, n'kuyamba kupesa pang'onopang'ono kuchokera kunkhongo. Nsabwe zinkagwera pansalu yoyera, mazira ake ankawasolola ndi zikhadabo. Mabulangete anawawiritsa mumgolo. Anabwereza masiku anayi aliwonse kufikira mutu unayera.

Amayi anzawo ataona, anayamba kubweretsa ana awo Loweruka. Ba Juliana ankawakhazika pamphasa pamthunzi wa nkhokwe, ndipo mwana aliyense ankamupatsa ntchito yowerenga nsabwe zake mokweza kuti asalire. Woseka mnzake ankabwezedwa kumapeto kwa mzere.

Loweruka lina kunabwera ba Greenwell, wapampando wa chipani m'dera lawo, atavala jekete ngakhale kunali kotentha.

"Amayi, ntchito ni yabwino," anatero, "koma anthu akasonkhana tere, tifunika kuona makhadi a chipani."

Ba Juliana sanadzutse mutu. Anaphwanya nsabwe pachikhadabo, thi!

"Ba cheyamani, izi sizifunsa khadi zikamaluma. Nipatseniko nsalu iyo ili pafupi na imwe."

Bamboyo anawerama, anatola nsalu ija n'kupereka. Za makhadi sanazitchulenso.

Chimene ba Juliana sankanyengerera ndi botolo la mankhwala a thonje. Akamva kuti kholo lina lafuna kuthira mwana mankhwalawo, ankasiya khasu n'kuyenda ngakhale mitunda itatu. Mayi wina anawatukwana kuti asalowerere za pakhomo pa eni. Iwo anakhala pansi pakhonde, namuika mwana wa mayiyo pamiyendo, n'kupesa mpaka dzuwa kupendeka, mayiyo akulalatabe. Pomaliza mayiyo anawawotchera chimanga chachiwisi.

Cha m'ma 1990 maso a ba Juliana anachita khungu, moti nkhope ya munthu ankaiona ngati utsi. Anthu anaganiza kuti basi, za Loweruka zatha. Koma ana atabwera, ba Juliana anangoti, "Bwera kuno, khala apa." Anayendetsa zala m'tsitsi la kamtsikana koyamba, n'kuima pamwamba pa khutu.

"Apa pali tuwiri," anatero.

Mayi wa mwanayo anasuzumira, ndipo analidi mazira awiri a nsabwe.