Botolo Silinasweke

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, m'masiku a Chitaganya, pamene mbili inafika kwathu ku Msanzala kuti galimoto ya bayisikopo ikubwela ndi chithunzi cha zigawenga. Ine ndi mlongo wanga Lazalo, amene ndinapondana naye, tulo tinaliiwala.

Atate anali msilikali wakale, womenya nkhondo ku Bama, ndipo sankapatsa mwana chinthu asanachilawe. Anapalasa njinga mpaka kumudzi kumene galimotoyo inaima pochokela ku Nyimba, kukayamba aonela okha. Atabwelako anangoti sitipita.

"Muli magazi ambili, atata?" ndinafunsa.

"Magazi mumawaona tikapha mbuzi," anayankha. "Mmenemo anthu akufa ngati nkhuku za chitopa, koma wolila namuona lini, palibe ngakhale mmodzi. Wina amuswela botolo pamutu, apukusa mutu, anyamuka, anthu aseka. Lomba mwana atolepo chiyani?"

Ndinapsa mtima. Munthu woti anaona nkhondo yeniyeni n'kumaopa zithunzi za pansalu, kwa ine inali nkhanza chabe. Madzulo a tsiku la bayisikopo ndinakhala pakhonde ndikulila, uku ndikumva mfuti zikulila pabwalo la sukulu ndi anthu akufa nacho chiseko. Koma Lazalo ankagona m'gowelo ndi anyamata anzake, kopanda womutsekela chitseko. Anapita ndi msuweni wathu Tilyenji, mwana wa amalume.

Kuyambila pamenepo awiliwo analibe masewela ena. Lazalo ndiye anali mkulu wa zigawenga, chipewa chopendekeka, kamtengo pakamwa ngati ndudu. Ine nsanje inkandidya, chifukwa ndinkaonela bayisikopo yobweleka.

Tsiku lina masana tikusenda nshawa kuseli kwa nkhokwe, Tilyenji anabwela ndi botolo la palafini, lija lochindikala. Analipeleka kwa Lazalo, n'kuwelamitsa mutu akuseka.

"Menya, msuweni. Limasweka lokha ili, tinaona tonse."

Botolo silinasweke. Kunangomveka ngati munthu wamenya dzungu ndi mpini. Tilyenji anagwa chafufumimba pa nshawa, miyendo ikupalapata, magazi akutuluka pamutu ndi m'khutu. Lazalo anali akumwetulilabe, kudikila kuti mnzake apukuse mutu.

"Nyamuka iwe, zatha," anatelo, akumugunda ndi phazi.

Ine ndinakuwa. Atate anathamanga kuchokela kukhola, nang'amba malaya awo n'kumanga balalo mwaluso la munthu amene anamangapo ambili. Tonse tinkati lelo Lazalo afa ndi ndodo, koma sanamukhudze. Anamanga ng'ombe pangolo, namukhazika mmenemo, n'kuika mutu wa Tilyenji pamiyendo pake.

"Gwila mutu uwu. Usayang'ane kumbali."

Ulendo wonse wa kuchipatala cha mishoni amake a Tilyenji ankathamanga pambuyo pa ngolo, chitenje chikumasuka, akuitana mwana wawo ndi mawu amene mpaka lelo sindinawaiwale. Lazalo anafuna kutseka makutu, koma manja onse anali pamutu wa mnzake, magazi akudutsa m'zala.

"Mvela amenewo," anatelo atate. "Ndiwo sanakuonetseni."

Tilyenji sanafe, koma anatsala ndi khunyu. Sukulu inathela pomwepo, mnyamata amene ankati adzakhala mphunzitsi. Kawili anagwela pamoto. Lazalo ndiye ankamulimila munda mpaka tsiku limene tinaika Tilyenjiyo m'manda, ndipo mlongo wangayo sindinamuonenso atapendeketsa chipewa.

Lelo ndine gogo m'tauni ya Petauke, ndipo adzukulu anga amakonda masewelo a zigawenga pa wailesi ya kanema. Amati ndine wovuta ngati msilikali, chifukwa ndimayamba ndaonela ndekha. Mfuti sizindiopsa, magazinso ayi. Ndimangodikila kuti munthu akagwa, amake aoneke. Akapanda kuoneka, ndimazimitsa.